Kubisa uthenga pogwiritsa ntchito chaos: njira zimene zinayesedwa ndi kumene iliyonse inathera

Mu 1961 Edward Lorenz, katswiri wa zanyengo pa yunivesite ya MIT, anafuna kuonanso zotsatira za masamu ena amene kompyuta yake, Royal McBee LGP-30, inali itawerengera kale. Posafuna kuyambira pachiyambi, anatenga nambala yapakati pa pepala losindikizidwa n'kuilowetsanso. Papepalapo panalembedwa 0.506, pomwe makinawo mkati mwake ankasunga 0.506127. Kwa kanthawi zotsatira zatsopano zinatsata zakale bwinobwino, kenako zinapatuka, ndipo posakhalitsa nyengo imene kompyutayo inkaonetsa inali ina kotheratu. Makina sanawonongeke, masamu sanasinthe. Kusiyana kosafika gawo limodzi mwa magawo 1,000 ndi kumene kunakula n'kusokoneza zonse. Zimene anasindikiza mu 1963 pa nkhaniyi ndi amodzi mwa maziko a maphunziro amene lero amatchedwa chaos theory.

Munthu wa ntchito yobisa mauthenga akamva zimenezi amatchera khutu, chifukwa ndi zomwe iye amafuna. Amafuna kuti kiyi akangosintha pang'ono, uthenga wokiyidwawo usinthiretu. Amafuna kuti wakunja aziona ngati phokoso chabe, koma mwini kiyi athe kubwereza zonse ndendende. Chaos imachita zonsezi mwachibadwa. Ngakhale Claude Shannon, m'pepala lake la 1949 limene linayala maziko a sayansi yobisa mauthenga, analankhula za kusakaniza kotambasula ndi kupinda mobwerezabwereza, kumene ndi mtima weniweni wa chaos. N'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 1989 anthu akhala akuyesa kumanga njira zotetezera mauthenga pa masamu amenewa, ndipo mapepala a kafukufuku olembedwa pa nkhaniyi ndi ochuluka zedi.

Musanayerekeze njirazi, pali chinthu chimodzi choyenera kuchigwira bwino. Tengani nambala ili pakati pa 0 ndi 1, muitchule x. Nambala yotsatira muipeze pochulukitsa 4 ndi x ndi (1 − x). Mukayamba ndi 0.3 mupeza 0.84, kenako 0.5376, kenako 0.9943, kenako 0.0225. Imeneyi ndi logistic map imene Robert May anaitchukitsa mu 1976. Wina akayamba ndi 0.301 m'malo mwa 0.3, kusiyana kwake kumawirikiza kawiri pa sitepe iliyonse mukatenga avereji, moti pofika sitepe ya 10 manambala ake ndi anu sakudziwananso. Koma tsopano tengani manambala omwewo awiriawiri, iliyonse ndi yotsatira yake, muwaike pa girafu. Madontho onse agwera pa mzere umodzi wokhota bwino lomwe. Amene waona mzerewo wadziwa lamulo lonse. Kulosera masitepe 100 akutsogolo n'kosatheka, koma kulosera sitepe imodzi yotsatira n'kwa mwana wasukulu. Ndiye vuto lake n'lakuti kazitape amene akumvetsera uthenga wanu safunika kulosera zakutali. Iye akulandira siginolo yanu mphindi iliyonse, ndipo amangofunika sitepe imodziyo. Pafupifupi njira iliyonse imene inagwa pa nkhaniyi inagwera pamenepa.

Kukwirira uthenga m'phokoso la magetsi

Njira yotchuka koyamba inachokera pa chinthu chimene ambiri ankaganiza kuti sichingatheke. Mu 1990 Louis Pecora ndi Thomas Carroll a ku Naval Research Laboratory ku Washington anaonetsa kuti makina awiri a chaos akhoza kuyendera limodzi ngati amodzi akutumiza gawo la siginolo yake kwa enawo. Akayambira posiyana, m'malo moti atalikirane, olandirawo amakokedwa mpaka kayendedwe kawo kafanane ndi ka otumiza. Mu 1993 Kevin Cuomo ndi Alan Oppenheim a ku MIT anamanga ma circuit awiri otsatira masamu a Lorenz, n'kuthira mawu a munthu m'siginolo ya chaos ija mwapansipansi. Zili ngati kunong'ona nyimbo ikulira mokweza: mnzanu amene akuidziwa nyimboyo amatha kuichotsa m'mutu mwake n'kutsala ndi mawu anu. Circuit yolandira imapanga yokha siginolo yoyera ya chaos, imaichotsa pa imene yabwera, ndipo chotsala ndi uthenga.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Zipangizo zake n'zotchipa, sipafunika kompyuta, ndipo mawu amabisika nthawi yomweyo popanda kuwasandutsa manambala. Koma chitetezo chake sichinakhalitse. Mu 1994 Kevin Short wa pa University of New Hampshire anaonetsa kuti pogwiritsa ntchito siginolo yotumizidwayo yokha, munthu akhoza kujambula maonekedwe a kayendedwe ka makinawo, kulosera sitepe yotsatira, kuichotsa, n'kutulutsa uthengawo osadziwa kiyi. Chaka chotsatira Gabriel Pérez ndi Hilda Cerdeira anachita zofanana m'njira yosavuta kwambiri: anangotenga nsonga za siginoloyo, pamene yakwera kwambiri ndi pamene yatsika kwambiri, n'kuziika pa girafu, ndipo uthenga unaonekera ngati kugwedera kwa madontho pa mzere wodziwika.

Palinso vuto lozama kuposa limeneli, limene silingathe pongosintha masamu. Kiyi wa njira imeneyi ndi kukula kwa zipangizo za mu circuit, ma resistor ndi ma capacitor ake. Zipangizo ziwiri sizifanana ndendende, ndipo kutentha kumazisintha. Choncho kuti njirayi igwire ntchito kunja kwa labotale, olandira ayenera kumva uthenga ngakhale zipangizo zawo zikusiyana pang'ono ndi za otumiza. Koma ngati kiyi wongoyandikira amatsegula, kazitape sakufunika kupeza kiyi weniweni. Tiyerekeze kuti pali zinthu zitatu zosintha, ndipo chilichonse chili ndi malo pafupifupi 100 osiyana mokwanira. Makiyi onse ndi miliyoni imodzi basi, ntchito ya kanthawi kochepa pa kompyuta. Komanso iye sayesa mwakhungu, chifukwa akamayandikira kiyi woona phokoso limachepa, ndipo zimenezo zimamuuza kuti akulowera koyenera. Mu AES, njira yokiyira mauthenga imene makompyuta ambiri amagwiritsa ntchito, mulibe zotere: kiyi wolakwika ndi bit imodzi (0 kapena 1 mmodzi) amatulutsa zopanda pake mofanana ndi kiyi wolakwika ndi ma bit onse.

Panabweranso abale ake a njirayi. Mu chaos shift keying otumiza amasinthasintha pakati pa makonzedwe awiri, ena kuimira 0 ndi ena kuimira 1, ndipo nayonso imaululika ndi magirafu omwe aja. Mu 1996 Géza Kolumbán ndi anzake anabweretsa DCSK, mmene otumiza amatumiza chidutswa cha chaos, kenako n'kuchibwereza momwemo kapena mochitembenuza. Imeneyi imapirira bwino pamene mafunde a wailesi akugunda makoma n'kufika m'njira zingapo, koma ilibe kiyi konse; aliyense woyerekeza zidutswa ziwirizo wawerenga uthenga. Ndi njira yotumizira, ndipo iyenera kuweruzidwa ngati njira yotumizira basi.

Ma laser pa fiber

Apa ndi pamene chaos inafika pafupi kwambiri ndi ntchito yeniyeni. Mukabweza pang'ono kuwala kwa semiconductor laser ndi galasi kuti kulowenso mu laser momwemo, mphamvu yake imayamba kusinthasintha mosalosereka kambirimbiri pa sekondi, m'mabiliyoni. Roy Lang ndi Kohroh Kobayashi analemba masamu a zimenezi mu 1980. Chifukwa choti kuwalako kumatenga nthawi kupita kugalasi ndi kubwerako, laser imayankha ku zimene inachita kale, ndipo chaos yake imakhala yolukanalukana kwambiri kuposa ya Lorenz, imene ili ndi zinthu zitatu zokha zosintha. Girafu yosavuta ija siigwira.

Mu 1998 Gregory VanWiggeren ndi Rajarshi Roy a ku Georgia Tech anatumiza uthenga pa kuwala kwa chaos mu labotale. Mu 2005 gulu la akatswiri a ku Ulaya, m'pepala lotsogoleredwa ndi Apostolos Argyris m'magazini ya Nature, linachita zimenezi pa fiber (chingwe chotumiza uthenga ndi kuwala) ya makilomita 120 yomwe inali kale pansi mumzinda wa Athens. Anafika pa liwiro la gigabit imodzi pa sekondi, zolakwika zili zosafika imodzi pa ma bit 10 miliyoni. Imeneyo sinali ntchito yaing'ono, ndipo kafukufuku wake akupitirira mpaka lero pa maliwiro okwera kuposa pamenepo.

Chimene njirayi imapereka, chomwe AES sipereka, n'chakuti imabisa kuwala kwenikweniko. Kazitape amene wabowola fiber saona ma 0 ndi ma 1 okiyidwa oti awasunge n'kudzalimbana nawo zaka zikubwerazi. Amaona kuwala kophethira mosalongosoka, ndipo kuti akusunge mokwanira afunika zida zothamanga kwambiri ndiponso zodula. Zimenezi zili ndi phindu lake.

Komabe kiyi akadali chipangizo. Ma laser awiriwo ayenera kufanana kwambiri, moti nthawi zambiri amasankhidwa kuchokera pa wafer imodzi, mbale yopyapyala imene amapangirapo ma laser ambiri nthawi imodzi. Laser imodzi ikabedwa simungasinthe kiyi potumiza nambala yatsopano, muyenera kusintha zida. Njirayi imalumikiza malo awiri okha. Pa intaneti, pamene foni imodzi imalankhula ndi ma seva ambirimbiri amene sinakumanepo nawo, ilibe pogwira. Kutalika kwa fiber ndi ma amplifier a m'njira zimapotoza siginolo n'kusokoneza kuyendera limodzi kuja. Ndipo akatswiri, mwa iwo Damien Rontani ndi anzake mu 2007, anafufuza mmene nthawi ya ulendo wa kuwala kupita kugalasi imasiyira chizindikiro m'siginolo. Chizindikirocho chikaoneka, gawo lalikulu la chinsinsi lapita, n'chifukwa chake ntchito yambiri ya pambuyo pake yakhala yoyesa kuchifafaniza. Chinanso n'chakuti chitetezo pano chimayezedwa poona kuti kazitape amalakwitsa ma bit angati poyerekeza ndi wolandira woona. Muyezo umenewo umadalira zida zimene mukuganiza kuti kazitapeyo ali nazo. Akabwera ndi zabwino kuposa zimene munaganiza, muyezo wasintha.

Ine ndingaione njira imeneyi ngati chowonjezera pa fiber yolumikiza malo awiri ofunika kwambiri, uthenga wake utakiyidwa kale ndi AES. Payokha sindingaidalire.

Chaos ya pa kompyuta

Mapepala ambiri ali kuno, ndipo zokhumudwitsa zambiri zilinso kuno. Ganizo lake ndi lapafupi: kiyi akhale nambala yoyambira ndi makonzedwe a masamu a chaos, kompyuta itulutse mndandanda wa manambala, ndipo manambalawo asakanizidwe ndi uthenga. Robert Matthews anafalitsa njira yotere mu 1989 m'magazini ya Cryptologia. Mu 1991 Toshiki Habutsu ndi anzake anapereka yawo pa msonkhano wa Eurocrypt, yomangidwa pa tent map, ndipo Eli Biham anaithyola moti pepala lake lili m'buku la msonkhano womwewo. Mu 1998 M. S. Baptista anabweretsa ina yochititsa chidwi: gawani malo a logistic map m'zigawo, chilembo chilichonse chikhale ndi chigawo chake, ndipo mutumize chiwerengero cha masitepe amene atengedwa kuti nambala igwere m'chigawocho. Inali yochedwa, uthenga wokiyidwa unkatalika kuposa woyamba, ndipo patangopita zaka zochepa anthu angapo anaonetsa mmene ingathyoledwere.

Choyamba chimene chimapha njira zimenezi n'chakuti pa kompyuta palibe chaos yeniyeni. Masamu a chaos amafuna manambala osatha pambuyo pa kadontho, pomwe kompyuta imasunga ochepa. Nambala wamba ya ma bit 64 ili ndi ma bit 53 okha osunga kulondola kwake, ndiye ngati logistic map imadya bit imodzi pa sitepe iliyonse, pofika masitepe 50 ndi pang'ono zimene kompyuta ikutulutsa zikulamulidwa ndi mmene imadulira manambala, osati ndi masamu amene munalemba. Ndipo popeza manambala otheka ali ndi malire, tsiku lina nambala idzabwereza, kenako mndandanda wonse uzingozungulira. Kuzungulirako kumabwera msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Sikudikira kuti manambala onse otheka athe. Kumabwera cha pa square root ya chiwerengero chawo, kutanthauza masitepe mamiliyoni makumi angapo m'malo mwa mamiliyoni a mabiliyoni. Kwa kompyuta ya lero imeneyo ndi ntchito ya masekondi.

Chachiwiri chimapweteka mwini wake yemwe. Makompyuta awiri akhoza kusiyana pa bit yomaliza powerengera sine kapena cosine, kapena chifukwa compiler ina (pulogalamu yomasulira zimene mwalemba kuti makina azimve) yaphatikiza kuchulukitsa ndi kuwonkhetsa m'sitepe imodzi. M'mapulogalamu ena zimenezi sizioneka. Mu chaos bit imodziyo imakula mpaka wolandira amalephera kutsegula uthenga ngakhale ali ndi kiyi wolondola.

Chachitatu ndi makiyi ofooka. Logistic map imayamba chaos pamene nambala yochulukitsira ija, imene m'chitsanzo chathu inali 4, yafika cha pa 3.57, ndipo olemba ambiri amangoti kiyi akhale pakati pa 3.57 ndi 4. Koma m'katimo muli mipata yambiri mmene chaos imazimiririka. Pa 3.83 manambala amangozungulira pa malo atatu. Amene wasankha kiyi wotere wakiya uthenga wake ndi manambala atatu obwerezabwereza. Gonzalo Alvarez ndi Shujun Li analemba pepala mu 2006 londandalika zofunika zimene njira ya chaos iyenera kukwaniritsa, ndipo zambiri mwa izo ndi zinthu zoti wophunzira wa cryptography amazidziwa chaka choyamba: fotokozani kiyi momveka, onetsani kuti makiyi onse ndi amphamvu mofanana, ganizani kuti mdani akudziwa ndondomeko yanu yonse kupatula kiyi. Mfundo yomalizayi Auguste Kerckhoffs anainena mu 1883.

Gawo limene lakula kwambiri ndi lobisa zithunzi, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi limene wophunzira amakumana nalo koyamba. Jessica Fridrich, amene pa nthawiyo ankasindikiza ndi dzina la Jiri Fridrich, anayala kamangidwe kake mu 1998: sokonezani malo a ma pixel pogwiritsa ntchito map ya chaos, kenako sinthani mtundu wa pixel iliyonse modalira inzake, ndipo bwerezani kangapo. Pepalalo linali ntchito yolingalira bwino, ngakhale kuti Ercan Solak ndi anzake anapeza pothyolera mu 2010. Otsatira ake ambiri ndi amene anafupikitsa zinthu. Ena amangosokoneza malo a ma pixel ndi cat map ya Vladimir Arnold, osadziwa kapena osasamala kuti pa chithunzi cha 256 kwa 256 map imeneyi ikabwerezedwa ka 192 chithunzi chimabwerera mwakale chokha.

Ngakhale kusokonezako kutakhala kwanzeru chotani, onani mmene kumagwera. Chithunzi cha 256 kwa 256 chili ndi ma pixel 65,536, ndipo pixel iliyonse ya chithunzi chotuwa imatenga nambala kuyambira 0 mpaka 255. Mdani apange zithunzi ziwiri. M'choyamba pixel iliyonse ikhale ndi nambala ya mzere wake wopingasa, m'chachiwiri ikhale ndi nambala ya mzere wake wotsika. Akapeza mpata woti makina anu amukiyire zithunzi ziwirizi, pixel iliyonse imadzinenera yokha kumene inachokera. Wapeza kusokoneza konse, ndipo atsegula chithunzi chilichonse chokiyidwa ndi kiyi ameneyo osaudziwa kiyiyo. Kukula kwa kiyi, kaya ndi ma bit 200 kaya 500, sikunathandize kanthu.

Mapepala amenewa amadzitchinjiriza ndi mayeso ofanana nthawi zonse: histogram yosalala, entropy yoyandikira 8, NPCR yoyandikira 99.6 peresenti, UACI yoyandikira 33.46 peresenti. Manambalawa amangonena kuti chithunzi chokiyidwa chikuoneka ngati phokoso. Mu 2018 Mario Preishuber, Thomas Hütter, Stefan Katzenbeisser ndi Andreas Uhl anapanga dala njira zofooka, zodziwikiratu kuti n'zothyoka, ndipo zinapambana mayeso omwewo. Anayezanso liwiro, chifukwa chodzikhululukira chachikulu chimakhala choti AES imachedwa pa zithunzi, ndipo anapeza kuti njira za chaos zimene anayesa sizinaipose AES. N'zosadabwitsa: kuyambira 2010 ma processor a Intel ali ndi malangizo apadera a AES mkati mwake, ndipo a AMD ndi a ARM anatsatira. Komanso kwa AES chithunzi ndi ma byte ngati ena onse. Mumayamba mwachipanikiza kukhala JPEG kapena PNG, kenako n'kukiya. Njira yokiya ma pixel osapanikiza imatulutsa phokoso limene silingapanikizikenso, ndiye fayilo imakhala yaikulu kangapo.

Anayesanso kupanga njira ya makiyi awiri, wapoyera ndi wachinsinsi, ngati RSA. Ljupco Kocarev ndi Zarko Tasev anagwiritsa ntchito ma polynomial a Chebyshev mu 2003, chifukwa kuwachita motsatana kumapereka zofanana kaya mwayamba ndi uti. Mu 2005 pepala la Pina Bergamo ndi anzake, Kocarev mwiniwake ali m'gulu la olemba, linaonetsa kuti popeza ma polynomial amenewa ndi cosine chabe wobisika, mdani amatha kupeza nambala ina yogwira ntchito mofanana ndi kiyi wachinsinsi. Akawasamutsira ku manambala athunthu kuti atseke mpatawo, chitetezo chimatsamira pa vuto la discrete logarithm lomwe Diffie ndi Hellman anagwiritsa ntchito mu 1976, ndipo chaos yatsala dzina lokha. Zimenezi zikuyankhanso amene amati chaos ndi yankho ku makompyuta a quantum. Zimene makompyuta amenewo akuopseza ndi RSA ndi ma elliptic curve, ndipo cholowa m'malo chimene bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linasindikiza mu Ogasiti 2024, ML-KEM, chinamangidwa pa masamu a lattice.

Pali imodzi imene inapulumuka, ndipo mmene inapulumukira ndi phunziro. Rabbit inapangidwa ndi kampani ya Cryptico ya ku Denmark n'kuperekedwa mu 2003, ndipo olemba ake ananena poyera kuti ganizo analitenga ku ma map a chaos olumikizana. Koma anataya manambala a kadontho n'kugwiritsa ntchito manambala athunthu a ma bit 32, anaika zowerengera zotsimikizira kuti mndandanda sungazungulire msanga, anaika kiyi wa ma bit 128 womveka bwino, ndipo anaipereka ku mpikisano wa eSTREAM kuti akatswiri ayese kuithyola kwa zaka zingapo. Mu 2008 inasankhidwa pamodzi ndi HC-128, Salsa20/12 ndi SOSEMANUK. Palibe amene anaivomereza chifukwa cha Lyapunov exponent yake, muyezo wa liwiro limene kusiyana kwakung'ono kumakulira. Inavomerezedwa chifukwa anthu odziwa kuthyola anayesa n'kulephera, monga mmene Rijndael ya Joan Daemen ndi Vincent Rijmen inadutsira mpikisano wa njira 15 umene unayamba mu 1997, isanakhale AES mu 2001.

Chaos ngati gwero la makiyi

Njira imene ndimaiona kuti ikugwirizana ndi chibadwa cha chaos ndi yotsiriza iyi, ngakhale siimveka mochititsa kaso. Njira iliyonse yokiyira, kaya AES kaya ChaCha20 ya Daniel Bernstein, imafuna kiyi wosalosereka, ndipo kompyuta payokha sitha kupanga chinthu chosalosereka. Zikalakwika apa zonse zimagwa: cholakwika cha mu OpenSSL ya Debian, chimene chinalowa mu 2006 n'kupezeka mu 2008, chinachititsa kuti makiyi otheka a mtundu uliwonse akhale pafupifupi 32,000 okha, ngakhale masamu okiyira anali abwinobwino.

Pa ntchito imeneyi, chimene chinali chilema m'njira zina zija chimasanduka mphamvu. Palibe wolandira woti ayendere limodzi ndi inu, palibe choti chibwerezedwe. Mu chipangizo chenicheni muli kaphokoso kachilengedwe, ka kutentha kapena ka kuwala kotuluka mwakokha mu laser, ndipo chaos imakakuza msangamsanga mpaka kafike poyezeka. Mu 2008 Atsushi Uchida ndi anzake ku Japan anatulutsa manambala osalosereka pa liwiro la magigabit 1.7 pa sekondi kuchokera ku ma laser awiri a chaos, ndipo mu 2010 gulu la Ido Kanter pa Bar-Ilan University ku Israel linalengeza magigabit 300. Chitsanzo chodziwika kwa anthu wamba ndi cha kampani ya Cloudflare, imene imajambula khoma la ma lava lamp ku San Francisco ndi ma pendulum a mfundo ziwiri ku London n'kusakaniza zithunzizo m'manambala ake. Ganizo la nyalizo linayamba ndi Lavarand ya Silicon Graphics m'ma 1990.

Chenjezo lake n'lakuti kusalosereka kumachokera ku kaphokoso kachilengedwe kaja, chaos imangokakuza. Logistic map ya pa kompyuta ilibe kaphokosoko, choncho siingakhale gwero la makiyi ngakhale itapambana mayeso onse a NIST SP 800-22. Ndipo maliwiro akuluakulu ena amabwera chifukwa cha masamu ochitidwa pa siginolo itayezedwa kale, amene amachulukitsa ma bit popanda kuchulukitsa kusalosereka kwenikweni. N'chifukwa chake chikalata cha SP 800-90B chimafuna kuti wopanga afotokoze kumene kusalosereka kukuchokera, ayeze kuchuluka kwake pa manambala osakonzedwa, ndipo aike mayeso oona ngati chipangizo chafa chikugwirabe ntchito. Kunena zoona, anthu ambiri safuna magigabit 300. Ma bit 256 abwino ndi okwanira kudyetsa jenereta ya manambala ya mu operating system, ndipo ndi imene wolemba pulogalamu ayenera kuitana.

Ndiye ngati muli ndi mafayilo, zithunzi za odwala kapena mauthenga a makasitomala oti muteteze, tengani AES-GCM kapena ChaCha20-Poly1305 kuchokera mu library yodziwika, zomwezo zimene TLS 1.3, ndondomeko yoteteza mauthenga pa intaneti, imagwiritsa ntchito. Ziwirizi zimachitanso china chimene njira zambiri za chaos sizichitchula n'komwe: zimazindikira ngati wina wasintha uthenga m'njira. Popanda zimenezo, mdani amene sangathe kuwerenga uthenga wanu akhozabe kutembenuza ma bit ake, n'kusintha nambala ya ndalama kapena ya mlingo wa mankhwala inu osadziwa.

Ngati ndinu wophunzira ndipo mwapatsidwa pepala la njira yatsopano ya chaos yobisira zithunzi, kapena mukulemba yanu, yambani ndi kuiukira musanawerengere NPCR. Ikiyireni chithunzi chakuda bii, cha ma 0 okhaokha, muone ngati chotulukacho si mndandanda wa manambala a chaos wosabisika, umene mungauchotse pa chithunzi china chilichonse. Ikiyireni zithunzi ziwiri za mizere zija. Kiyani chithunzi chimodzi kawiri ndi kiyi yemweyo muone ngati zotuluka zikufanana, chifukwa zikafanana ndiye kuti palibe nonce, nambala yatsopano yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha pa kukiya kulikonse, ndipo mdani adziwa nthawi iliyonse imene mwatumizanso chithunzi chomwecho. Ena amathawa mayesowa popanga kiyi kuchokera ku hash ya chithunzicho, nambala yaifupi yowerengeredwa kuchokera ku chithunzi chonsecho. Pamenepo funsani kuti wolandira aidziwa bwanji hash imeneyo, popeza chithunzi chilichonse chikufuna yakeyake ndipo iyenera kumufikira mwachinsinsi. Pomaliza kiyani pa laputopu ya Intel, mutsegule pa foni ya ARM, muone ngati chithunzi chibwerere.